Matenda a Alzheimer

Matenda a Alzheimer: nthenda imene imapha maselo a ubongo pang'onopang'ono ndi kuchititsa munthu, makamaka wokalamba, kuiwalaiwala. Anaifotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Mapuloteni awiri amasokonekera: beta-amyloid amaundana pakati pa maselo, pamene tau amapiringizana m'kati mwake. Kuwonongeka kumayambira cha ku hippocampus, gawo lothandiza kusunga zatsopano. N'chifukwa chake wodwala amaiwala zadzulo koma n'kumakumbukira zakalekale. Acetylcholine, wonyamula mauthenga pakati pa maselo, amachepa. Jini ya APOE4 imawonjezera chiopsezo. M'Malawi okalamba odwala matendawa nthawi zina amanamiziridwa ufiti.  Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke.