Porsche 911 GT2 RS MR

Porsche 911 GT2 RS MR ndi galimoto ya liwiro ya mtundu wa Porsche 911 GT2 RS imene yaikidwa zida zowonjezera zopangidwa ndi kampani ya Manthey ya ku Germany. Zilembo za MR zikuimira Manthey Racing. Zidazi siziikidwa ku fakitale pamene galimoto ikupangidwa. Mwini wake amazigula padera ndipo amakaniko amazimanga pa galimoto yomwe inagulidwa kale. Galimotoyi imadziwika chifukwa inathamanga kuposa mmene inkachitira poyamba popanda kuwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Zimene anasintha ndi kayendedwe ka mphepo pa thupi la galimoto, masipuling'i, mashoko, mabuleki ndi njira yoziziritsira mpweya wolowa mu injini. Pa 14 June 2021 galimotoyi inazungulira msewu wa mpikisano wa Nürburgring Nordschleife m'mphindi 6 ndi masekondi 43.3, ndipo pa nthawiyo panalibe galimoto ina yogulitsidwa kwa anthu imene inali itafikapo pamenepo.

Galimoto yochokera ku fakitale

Kampani ya Porsche inaonetsa 911 GT2 RS ya m'badwo wa 991 m'chaka cha 2017. Ndi galimoto yololedwa kuyenda pa msewu wa anthu onse, koma anaipanga poganizira kwambiri misewu ya mpikisano. Injini yake ili kumbuyo, ndi ya malita 3.8, ili ndi masilinda 6 ndi ma turbo awiri, ndipo imatulutsa mahosipawa 700, omwe ndi makilowati 515. Mphamvu yonseyi imapita ku matayala akumbuyo okha kudzera m'giyabokosi ya magiya 7 yotchedwa PDK. Galimotoyi imalemera makilogalamu 1,470, imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 2.8 kuchokera poima, ndipo liwiro lake lomaliza ndi makilomita 340 pa ola.

Ogula ankatha kusankhanso gulu la zida lotchedwa Weissach, lomwe linkachotsa makilogalamu pafupifupi 30 pa kulemera kwa galimoto. M'gululi munali denga la carbon fibre ndi mawilo a magnesium, chitsulo chopepuka kuposa aluminiyamu. Pa 20 September 2017 dalaivala woyesa magalimoto a Porsche, Lars Kern, anazungulira Nordschleife ndi galimoto ya ku fakitaleyi m'mphindi 6 ndi masekondi 47.3.

Kampani ya Manthey

Manthey inayambitsidwa mu 1996 ndi Olaf Manthey, yemwe kale anali woyendetsa magalimoto a mpikisano. Likulu lake lili ku Meuspath, mudzi womwe uli pafupi ndi Nürburgring. Ntchito yake yaikulu kuyambira pachiyambi ndi kuthamangitsa magalimoto a Porsche m'mipikisano. Timu yake inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Nürburgring zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2006 mpaka 2009, ndipo inapambananso mu 2011, 2018 ndi 2021. Mu 2013 kampaniyi inaphatikizana ndi Raeder Motorsport ya abale awiri, Nicolas ndi Martin Raeder, ndipo Porsche inatenga magawo 51 pa 100 a umwini wake.

Ubale umenewu ndi umene umasiyanitsa Manthey ndi makampani ena osintha magalimoto. Akatswiri ake amagwira ntchito limodzi ndi akatswiri a Porsche a ku Weissach, kumene kuli malo ofufuzira ndi kuyesera magalimoto a kampaniyo.

Msewu woyesera

Nordschleife ndi chigawo chakumpoto cha Nürburgring, m'mapiri a Eifel kumadzulo kwa Germany. Msewuwu unatsegulidwa mu 1927, ndi wautali makilomita 20.832, ndipo pakati pa malo otsika kwambiri ndi okwera kwambiri pali mamita pafupifupi 300. Uli ndi makona ambiri, zitunda, zotsetsereka komanso malo okumbika amene amaponya galimoto m'mwamba. Pa chifukwa chimenechi makampani amauona ngati muyeso wa galimoto yonse. Injini yamphamvu payokha siikwanira ngati galimoto ikulephera kugwira msewu pa kona kapena kuima msanga.

Nthawi za pa msewuwu zimalembedwa m'njira ziwiri. Kale ankayeza makilomita 20.6, kusiya kachigawo kakafupi ka poyambira. Kuyambira 2019 eni msewu amawerengera msewu wonse wa makilomita 20.832, ndipo pamakhala loya wovomerezeka ndi boma wochitira umboni. N'chifukwa chake ulendo umodzi umatha kukhala ndi nthawi ziwiri.

Zida za mphepo

Galimoto ikamathamanga, mphepo yodutsa pamwamba ndi pansi pake imatha kuikweza kapena kuikanikizira pansi. Phiko la kumbuyo kwa galimoto ya mpikisano lili ngati phiko la ndege lotembenuzidwa: m'malo monyamula, limapanikiza matayala pa msewu. Matayala akapanikizidwa amagwira kwambiri, ndipo galimoto imakhota pa liwiro lalikulu osaterereka. Mphamvu imeneyi imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Liwiro likawirikiza kawiri, kukanikiza kwa mphepo kumawirikiza kanayi.

Manthey inawonjezera timapiko m'mbali mwa bampala yakutsogolo, inasintha pansi pa galimoto kuti mphepo iziyenda mowongoka, inasintha phiko lakumbuyo, ndiponso inakonzanso diffuser. Diffuser ndi chigawo cha pansi chakumbuyo chomwe chimapendekera m'mwamba, ndipo chimathandiza kukoka mphepo ya pansi pa galimoto kuti izituluka msanga. Pa mawilo akumbuyo anaikapo zivundikiro zozungulira za carbon fibre zotchedwa aerodisc, zomwe zimachepetsa kuvundulika kwa mphepo kumene wilo lozungulira limayambitsa.

Malinga ndi Porsche, pa liwiro la makilomita 200 pa ola kukanikiza kwa mphepo kutsogolo kunakwera kuchoka pa makilogalamu 49 kufika pa 70, ndipo kumbuyo kunachoka pa 93 kufika pa 200. Mbali ziwirizi zimayenera kugwirizana. Kukanikiza kukachuluka kumbuyo kokha, galimoto imakana kukhota n'kumalunjika kunja kwa kona. Kukachuluka kutsogolo kokha, kumbuyo kumaterereka ndipo galimoto imatha kuzungulira.

Masipuling'i, mashoko ndi matayala

Mphepo ikamapanikiza kwambiri, galimoto imatsika pa liwiro lalikulu, choncho masipuling'i a ku fakitale sakhalanso oyenera. Manthey inaika masipuling'i ndi mashoko otha kusinthidwa, m'njira zitatu kutsogolo ndi zinayi kumbuyo. Makaniko amatha kusankha kulimba kwa shoko pamene ikufinyika ndi pamene ikutambasuka, komanso kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Pa msewu wa mabampu ngati Nordschleife cholinga si kulimbitsa chabe. Shoko yolimba mopitirira imachititsa tayala kudumpha, ndipo tayala lomwe lili m'malere silingakhote kapena kuimitsa galimoto.

Pa ulendo wa mu 2021 galimotoyi inali ndi mawilo a magnesium a mainchesi 20 kutsogolo ndi 21 kumbuyo, ndiponso matayala a Michelin Pilot Sport Cup 2 R. Matayalawa ndi ololedwa pa msewu, koma mphira wake ndi wofewa ndipo mizere yake yotulutsira madzi ndi yochepa. Amagwira bwino pa msewu wouma akatenthedwa, koma amatha msanga ndipo sadalirika pa mvula.

Mabuleki ndi kuziziritsa

GT2 RS imachokera ku fakitale ndi madisiki a mabuleki a ceramic, otambalala mamilimita 410 kutsogolo ndi 390 kumbuyo. Manthey sinasinthe madisikiwo. Inasintha mapadi a mabuleki kuti azipirira kutentha, ndipo inaika mapaipi a mafuta a mabuleki okutidwa ndi waya wachitsulo woluka. Paipi ya mphira wamba imafufuma pang'ono mafuta akapanikizidwa, ndipo woyendetsa amamva buleki ikufewa. Paipi yokutidwa siifufuma, choncho buleki imamveka chimodzimodzi ulendo uliwonse.

Turbo imapanikiza mpweya usanalowe mu injini, ndipo mpweya wopanikizidwa umatentha. Mpweya wotentha umachepetsa mphamvu, ndipo kompyuta ya injini imadulanso mphamvuyo pofuna kuteteza injini. Pothana ndi vutoli, GT2 RS imawaza madzi pa zoziziritsira mpweya zotchedwa intercooler. Madziwo amasungidwa m'thanki yaing'ono, ndipo amatha msanga galimoto ikamathamangitsidwa kosalekeza. Manthey inawonjezera thanki ina. Thankiyi siwonjezera mahosipawa, koma imathandiza kuti mahosipawa 700 omwe alipo kale asachepe pakati pa ulendo.

Mpikisano wa nthawi

Mu July 2018 Lamborghini Aventador SVJ yoyendetsedwa ndi Marco Mapelli inazungulira makilomita 20.6 m'mphindi 6 ndi masekondi 44.97, kuposa GT2 RS ya ku fakitale. Pa 25 October chaka chomwecho Lars Kern anabweza ndi GT2 RS MR m'mphindi 6 ndi masekondi 40.3. Nthawiyi inali yabwino kuposa ya Lamborghini, koma ambiri sanaiwerengere m'gulu la magalimoto a ku fakitale chifukwa zida zake zinali za kampani ina.

Pa 4 November 2020 Maro Engel, poyendetsa Mercedes-AMG GT Black Series, anamaliza msewu wonse m'mphindi 6 ndi masekondi 48.047. Porsche inayamba kugulitsa zida za Manthey kudzera m'nthambi yake ya zida zowonjezera ya Tequipment, ndipo pa 14 June 2021 Kern anachotsa masekondi 4.747 pa nthawi ya Mercedes. Pa muyeso wakale wa makilomita 20.6, ulendo womwewo unatenga mphindi 6 ndi masekondi 38.835. Zimenezi ndi masekondi oposa 8 pansi pa nthawi ya mu 2017, pa msewu womwewo, ndi dalaivala yemweyo komanso mphamvu ya injini yomweyo. Liwiro la pakati pa ulendo wonse linali pafupifupi makilomita 186 pa ola, ndipo pa liwiro limeneli masekondi 8 ndi mtunda woposa mamita 400.

Mkangano sunathere pomwepo. Otsutsa ankati galimoto yomangidwa zida itachoka kale ku fakitale si ya ku fakitale, makamaka popeza kupanga magalimoto a m'badwo wa 991 kunali kutatha mu 2019. Mbali ya Porsche inali yakuti zidazo n'zovomerezeka pa msewu ndipo mwini GT2 RS aliyense angazigule m'masitolo a kampaniyo. Mbiriyi inakhala mpaka October 2022, pamene Engel anazungulira msewuwu ndi Mercedes-AMG One m'mphindi 6 ndi masekondi 35.183.

Kusintha kwa liwiro ndi kusintha kwa maonekedwe

Si makampani onse osintha magalimoto odula amene amatsata njira ya Manthey. Novitec ya ku Bavaria imasintha magalimoto a Ferrari, Lamborghini ndi McLaren poika mawilo ena, zigawo za carbon fibre ndi mapulogalamu owonjezera mphamvu ya injini. TechArt ya ku Leonberg imachita zofananazo pa magalimoto a Porsche. Akrapovič ya ku Slovenia imadziwika ndi maekizozi a titanium omwe ndi opepuka ndipo amasintha kulira kwa injini. Mansory ya ku Germany ndi Liberty Walk ya ku Japan zimadziwika kwambiri ndi maonekedwe, monga matupi otambalala ndi mitundu yoonekera patali.

Kunja zida za magulu awiriwa zimatha kufanana, koma ntchito yake ndi yosiyana. Phiko lalikulu lomwe silinayesedwe limatha kungowonjezera kulimbana ndi mphepo kapena kusokoneza mgwirizano wa kutsogolo ndi kumbuyo. Mawilo aakulu olemera amapatsa mashoko ntchito yambiri. Kuwonjezera mphamvu ya injini ya turbo ndi kosavuta, koma kumawonjezeranso kutentha ndi katundu pa giyabokosi, ndipo kawirikawiri kumathetsa chitsimikizo chimene kampani yopanga galimoto inapereka kwa wogula.

Malamulo ndi zovuta zake

Ku Germany chida chilichonse chokhudza chitetezo cha galimoto chimayenera kukhala ndi chilolezo kapena kuyesedwa ndi mabungwe oyendera magalimoto monga TÜV ndi DEKRA. Kusintha kosavomerezeka kumatha kuthetsa chilolezo choyendera pa msewu ndi kubweretsa mavuto pa inshulansi. Zida za Manthey zogulitsidwa kudzera mu Porsche n'zovomerezeka ndipo sizithetsa chitsimikizo cha kampani.

Ngakhale zili choncho, phindu lake limaoneka pa msewu wa mpikisano pokha. Pa liwiro la m'tauni mapiko sachita zambiri, galimoto imagwedeza okwera, ndipo kutsika kwake kumachititsa kuti bampala izikhula pansi pa malo okwera. Mashoko otha kusinthidwa amafuna makaniko wodziwa, chifukwa akakonzedwa molakwika galimoto imayenda moipa kuposa ya ku fakitale.

Magalimoto ena

Porsche ndi Manthey anapitiriza njira yomweyi pa magalimoto ena, osakhudzanso injini. Mu 2022 Kévin Estre anazungulira Nordschleife ndi 911 GT3 ya m'badwo wa 992 yokhala ndi zida za Manthey m'mphindi 6 ndi masekondi 55.737, pamene ya ku fakitale inatenga mphindi 6 ndi masekondi 59.927. Mu 2023 Jörg Bergmeister anachita mphindi 7 ndi masekondi 3.121 ndi 718 Cayman GT4 RS, yomwe popanda zidazo inachita mphindi 7 ndi masekondi 9.3. Mu 2024 kunatuluka zida za 911 GT3 RS, zomwe zimakweza kukanikiza kwa mphepo pa liwiro la makilomita 285 pa ola kuchoka pa makilogalamu 860 kufika pa oposa 1,000.