Mankhwala a m'Khitchini ya Golgi ndi Diso la Cajal

Mu Disembala 1906, ku Stockholm, madokotala awiri anagawana mphoto ya Nobel chifukwa chofufuza kapangidwe ka ubongo ndi mitsempha. Wina anali Camillo Golgi wa ku Italy, wina Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, ndipo aka kanali koyamba kuti aonane maso ndi maso. Golgi ataimirira kuti akambe nkhani yake, anathera nthawi yambiri akugwetsa chiphunzitso chomwe mnzakeyo anakhala akuchikhetsera thukuta zaka pafupifupi 20. Cajal anakhala phee kumvetsera. Mawa lake anaimirira naye, nkufotokoza zake modekha.

Mkangano wawo unali pa funso limodzi. Kodi ubongo ndi ukonde umodzi wolukana wopanda polekezera, monga ukonde wa asodzi, kapena ndi maselo osiyanasiyana, lililonse palokha, ongoyandikana?

Aliyense amene anaswapo mutu wa mbuzi amadziwa vuto limene akatswiri a nthawi imeneyo anali nalo. Ubongo ndi wofewa ngati phala. Munthu akaucheka kagawo kopyapyala nkukaika pa maikulosikopu, amangoona chifunga chotuwa, timaulusi tothithikana mosadziwika poyambira.

Golgi anapeza njira mu 1873, ndipo sanaipezere pa yunivesite. Chaka cha m'mbuyo mwake anali atayamba ntchito pa chipatala cha odwala matenda okhalitsa ku Abbiategrasso, tauni yaing'ono kufupi ndi Milan. Kumeneko kunalibe chipinda chofufuzira, choncho iye anasandutsa khitchini ya nyumba yake. Ankaviika kachidutswa ka ubongo mu mankhwala otchedwa potassium dichromate kwa masiku angapo kuti kalimbe, kenako nkukasamutsira mu silver nitrate. Zotsatira zake zinali zodabwitsa. Mwa maselo 100 alionse, ochepa okha ndi amene ankada, koma selo likada linkada lonse, kuyambira pathupi pake mpaka kunsonga ya kanthambi kotsiriza, lakuda bii pamalo achikasu. Zinali ngati munthu waona mlambe umodzi woyoyoka masamba pakati pa nkhalango yomwe mitengo ina yonse yasanduka galasi.

Golgi sanali munthu wamba pa ntchito yake, ndipo Amalawi ali ndi chifukwa chawo chomukumbukira. Cha m'ma 1885 ndi 1886, ali ku Pavia, iye anaonetsa kuti wodwala malungo amanjenjemera ndi kutentha thupi pa nthawi imene tizilombo tachulukana nkuphulika nthawi imodzi kuchoka m'maselo ofiira a magazi. Koma pa nkhani ya ubongo, maso ake ankaona chimene mtima wake unakhulupirira kale. Timaulusi tikafika poyandikana, iye ankati talumikizana.

Cajal anafika pa ntchitoyi kudzera njira yokhotakhota. Anabadwa mu 1852 m'mudzi wa Petilla de Aragón, ndipo anali mwana wosamva. Ali ndi zaka 11 anatsekeredwa m'chitokosi atagumula geti la munthu wina ndi mzinga wopanga yekha. Mtima wake unali pa kujambula, koma bambo ake, omwe anali dokotala, ankaona kuti zimenezo ndi zachibwana. Anamupereka kwa wometa tsitsi kuti aphunzire ntchito, kenako kwa wosoka nsapato. Anagwirizana pamene bambowo anayamba kumutenga kukatola mafupa a anthu kumanda akale kuti amuphunzitse za thupi, mwanayo nkumawajambula. Atamaliza maphunziro a udokotala anapita ku Cuba ndi asilikali, komwe malungo anatsala pang'ono kumutenga.

Mu 1887, ku Madrid, dokotala wina dzina lake Luis Simarro anamuonetsa magalasi a pa maikulosikopu okonzedwa mwa njira ya Golgi. Cajal sanagonenso tulo. Atasamukira ku Barcelona anayamba kuyesa njirayo usana ndi usiku, ndipo apa mpamene panaonekera nzeru zake. Mitsempha ya nyama yaikulu imakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, omwe amaletsa mankhwala a siliva kulowa bwino. Iye anasiya nyama zazikulu nkutembenukira kwa anapiye a m'dzira ndi tiana ta nyama, tomwe mitsempha yake sinakutidwe ndiponso sinathithikane. Munda ukakhala kuti chimanga changomera kumene, phando lililonse limaoneka.

Anayambira pa kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kotchedwa cerebellum. Mbali imeneyi ndi imene imayendetsa bwino minofu kuti thupi lisapepesuke, monga mmene mayi amatsetserekera pa chitunda atasenza ndowa yodzaza madzi osatayika. Mmenemo muli maselo aakulu a Purkinje, a nthambi zotambasuka ngati chikupizo. Cajal anaona timaulusi ta maselo ena tikufika pa maselo amenewa, kuwakuta ngati dengu, nkuthera pomwepo. Sitinkalowa mkati. Anajambula zonsezi ndi dzanja, nkuzisindikiza mu 1888 m'magazini yomwe anayambitsa ndi ndalama za m'thumba mwake.

Kunja kwa Spain kunalibe woziwerenga. Choncho mu 1889 ananyamula maikulosikopu ndi magalasi ake ulendo wa ku Berlin, ku msonkhano wa akatswiri a za thupi a ku Germany. Kumeneko anakoka Albert von Kölliker, gogo wa zaka 72 amene onse ankamulemekeza, kuti asuzumire yekha. Mkuluyo anakhutira, mpaka anayamba kuphunzira Chisipanishi kuti aziwerenga zolemba za Cajal. Mu 1891 Wilhelm Waldeyer anapatsa selolo dzina loti neuron, ndipo mu 1897 Charles Sherrington wa ku England anatcha malo okumanirana maselo awiri kuti synapse.

Cajal anaonjezera tinthu tating'ono pa zojambula zake: timivi. Ngakhale ankayang'ana nyama yakufa, anazindikira kuti uthenga umalowera ku nthambi zazifupi, kudutsa pathupi la selo, nkutuluka kudzera pa ulusi umodzi wautali wotchedwa axon. Mwa munthu, ulusi wotere ukhoza kuchokera kumunsi kwa msana mpaka kuchala cha kuphazi.

Nanga ngati maselo salumikizana, uthenga umawoloka bwanji? Yankho linachokera ku Graz, m'dziko la Austria, mu 1921. Otto Loewi anaika mitima iwiri ya achule m'madzi amchere. Anagwedeza ndi magetsi mtsempha wa mtima woyamba mpaka kugunda kwake kunachepa, kenako anatunga madzi a pamenepo nkuthira pa mtima wachiwiri. Nawonso unayamba kugunda pang'onopang'ono. Mtsempha unali utatulutsa mankhwala, omwe pambuyo pake anadziwika kuti ndi acetylcholine. Ndiye kuti mkati mwa selo uthenga umayenda ngati magetsi, koma ukafika pa malire umawoloka ngati mankhwala.

Golgi anamwalira mu 1926 asanasinthe maganizo. Cajal anamwalira mu 1934, ndipo m'zaka zake zomaliza anali akulembabe zoteteza chiphunzitso chake. Onse awiri sanauone mpata umene ankakanganirana, chifukwa maikulosikopu a galasi sangathe kuuonetsa. Unaoneka cha m'ma 1954 ndi 1955 pa maikulosikopu a ma electron, ndipo ndi wopapatiza kwambiri moti mipata yotere pafupifupi 50,000 ingakwane pa milimita imodzi. Mu ubongo wa munthu muli ma neuron pafupifupi 86 biliyoni, ambiri mwa iwo okhala ndi malo okumanirana masauzande.

Patangopita zaka zochepa mpatawo utaoneka, mu 1959, Edwin Furshpan ndi David Potter anafufuza mitsempha ya crayfish, kanyama ka m'madzi ka mtundu wa nkhanu. Anapeza malo ena pamene magetsi amadumpha kuchoka m'selo lina kulowa m'linzake popanda mankhwala alionse, kudzera m'timipita tolumikiza maselo awiriwo. Malo otere anadzapezekanso mu ubongo wa nyama zoyamwitsa, kuphatikizapo munthu.