Mphoto za madzi ndi anthu amene anakumba ngalande

Mu 1968 boma linayesa chinthu chachilendo kwa Chingale ku Zomba: kupatutsa madzi a mumtsinje wa kuphiri n'kuwatsitsira m'midzi kudzera m'mapaipi, popanda injini kapena magetsi. Injiniya amene anatsogolera ntchitoyi, Lindesay Robertson, anali mu unduna woona za chitukuko cha m'midzi, ndipo kagwiridwe kake kanali kogawana mtolo. Boma linkabweretsa mapaipi ndi alangizi, koma ngalande ankakumba eni mudzi ndi makasu awo.

Kumene nzeruyi inakulira ndi ku Mulanje. Pofika 1975, sikimu ya Mulanje West inali itatsitsa madzi a m'phiri kupita kuchigwa cha kumadzulo, mbali imene kuli Chonde, n'kufikira anthu oposa 70,000. Ya Phalombe, ya Sombani ndi ya Namitambo zinatsatira. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chigawo chake ndi tsiku lake lokumba, komiti ikuitana mayina m'mawa. Ngalande inkayenera kuzama ndithu kuti khasu la wolima lisadzaboole paipi, ndipo mlangizi akaipeza yosaya ankabweza anthu kuti akumbenso. Ena poyamba ankang'ung'udza kuti thangata wabwerera. Kung'ung'udzako kunkatha tsiku limene mpopi wa pamudzi walavula madzi, amayi n'kuyamba kuchapa pa simenti m'malo motsetsereka kudambo.

Nthawi imeneyo kunalibe chikho kapena mendulo. Ulemu wa ntchitoyi unali alendo. Mafumu a m'madera ena ankatengedwa kukaona mipopi yomwe yatha kale, ndipo bungwe la United Nations litapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kukhala za madzi akumwa ndi ukhondo, Malawi ankatchulidwa kunja ngati chitsanzo. Colin Glennie, amene anagwirapo ntchitoyi, analemba buku mu 1983 lofotokozera maiko ena njira yake. Zaka zomwezo, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu munayesedwa mjigo wa Maldev, kholo la Afridev amene lero ali pafupifupi m'mudzi uliwonse. Pa mjigowo sipanalembedwe dzina la munthu.

Mphoto zenizeni zinabwera mochedwa, ndiponso zinayambira kutali. Ya Stockholm Water Prize inayamba mu 1991 ku Sweden, ndipo mu 2000 anailandira Kader Asmal, amene anali nduna ya zamadzi ku South Africa tsankho litatha. Kuno kwathu, lamulo la 1995 linakhazikitsa mabungwe asanu ogulitsa madzi, ndipo kuyamikirana kunayamba kutsata manambala: nyumba zimene zalumikizidwa, ndalama zimene zatoleredwa, madzi amene apulumuka ku mapaipi odontha. Pa muyezo umenewu Lilongwe Water Board inakatenga mphoto kumsonkhano wa African Utility Week ku Cape Town. Palibe chonyoza pamenepo. Amene anadikirapo madzi usiku wonse ndi ndowa m'tauni amadziwa kuti bungwe loyenda bwino n'lofunika.

Koma muyezowo sufika kumudzi. Mu 2019 Blantyre Water Board inatsiriza paipi yotenga madzi pa Likhubula kupita ku Nguludi, pa ngongole ya ku India, anthu ena a ku Mulanje atadandaula kuti madzi awo akuwoloka pomwe mipopi yambiri yakale inauma. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola mapaipi ndi malo otchingira madzi m'phiri. Amene amakwera kukachotsa mchenga pamalo otere ndi a makomiti, a mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, ndi amakaniki a mijigo oyenda pa njinga atamangirira masipanala pakaliyala. Anthu amenewa saitanidwa kuhotela kukajambulidwa atanyamula chikho.

Chaka chilichonse mu October, khamu la anthu limasonkhana pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, phiri likuoneka chapafupi. Mafumu, akuluakulu a boma ndi atolankhani amakhala pomwepo. Khonsolo ya Mulanje ndi okonza mwambowu atapatula mphindi khumi zokha tchopa asanayambe, akhoza kuitana komiti imene mpopi wake sunaume chaka chonse, pamodzi ndi agogo otsala amene anakumba ngalande za m'ma 1970. Agogowo akutha, ndiye aitanidwe chaka chino.