Akazi awiri a Mwezi amene sanaonanepo

Nyenyezi yowala kwambiri imene imatuluka kum'mawa tambala atayamba kulira timaichula kuti nthanda. Dzina ili likalipo, ndipo calisunga kwambiri ndi chalichi. Lili m'Baibulo ndi m'nyimbo za kwaya, cotero ngakhale mwana wa ku Matero amene sanaionepo amalidziwa. Koma panali maina ena awiri amene masiku ano samveka pakamwa pa anthu, Puikani ndi Cekecani.

Alice Werner, mayi wa ku Ulaya amene anakhalako ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890 ndi kuphunzira cinenero cathu, analemba nthano imene Anyanja anali kusimba. Akuti Mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wina, Puikani, amakhala kumadzulo ndipo amaoneka dzuwa likangolowa. Ameneyu ndi katswiri pa mthiko. Mwezi amafika kwa iye ataonda ngati cikwakwa, nkumanenepa tsiku ndi tsiku. Winayo, Cekecani, amakhala kum'mawa ndipo amatuluka mbandakuca. Kwa iyeyu nsima siikwana, mwamuna amangoonda mpaka kuzimirira. Ife a Kum'mawa tingopempha kuti Abemba asaimve nkhaniyi, cifukwa pa cimbuya sitidzapuma nayo.

Nthanoyi imaseketsa, koma amene anaipeka anali woyang'ana kumwamba. Mwezi ukangokhala, timauona madzulo kumadzulo uli kaciduswa, ndipo umakula usiku uliwonse. Ukatsala pang'ono kufa, suonekanso madzulo. Umatuluka mbandakuca kum'mawa uli woonda, kawirikawiri pafupi ndi nthanda. Munthu wogona mpaka dzuwa kutuluka sangazidziwe zimenezi. Anazidziwa ndi aja olawirira kumunda, kumtsinje ndi paulendo, amene nthanda inali wochi yao.

Koma akazi awiriwa ndi munthu mmodzi. Ndi pulaneti imene m'mabuku a kusukulu imachedwa Venus. Njira yake ili pafupi ndi dzuwa kuposa ya dziko lathu, ndiye kwa ife imaoneka ngati mbuzi yomangidwa pa cikhomo: imapita mbali iyi mpaka cingwe citakungika, nkubwerera, nkudutsa kupita mbali inayo. Ncifukwa cake simudzaiona pamwamba pa mutu pakati pa usiku. Ikatalikira kwambiri, imatuluka maola ngati atatu dzuwa lisanatuluke. Imakhala nthanda masiku ngati 263, nkubisala kumbuyo kwa dzuwa masiku ngati 50, nkuonekera madzulo masiku enanso ngati 263, nkusowa ngati sabata imodzi. Ulendo wonse umatenga masiku 584. Tanthauzo lake nlakuti miyezi yonse imene Cekecani ali pakhomo, nyumba ya Puikani imakhala yotseka. Ngati nthawi imeneyo kumadzulo kuli cina cowala kwambiri, kawirikawiri amakhala Jupiter wangobwereka malo.

Anthu oyamba amene tili ndi umboni wakuti anazindikira zimenezi analibe telesikopu. Anali ndi maso, denga la kacisi ndi dothi lolembapo. Ku Babulo, m'dziko limene lero ndi Iraq, m'nthawi ya mfumu Ammisaduqa, zaka zoposa 1,600 Yesu asanabadwe, alembi anasunga kaundula wa zaka 21. Analemba tsiku limene nyenyeziyi yaoneka komaliza kum'mawa, masiku amene yasowa, ndi tsiku limene yatulukira kumadzulo. Sanali kucita izi pofuna sayansi monga timaidziwira lero. Anali kufuna malodza, cifukwa pambali pa masikuwo analembanso zimene anali kuyembekezera pa mvula, zokolola ndi nkhondo. Komabe mukandandalika masikuwo caka ndi caka, mumaona kuti wina akalowa mpamene mnzake amatuluka. Phale limene kaundulayu anakoperedwapo linapezeka ku Nineve, ndipo lero lili ku British Museum ku London.

Agiriki, amene timawatama kwambiri m'makalasi, anakhala nthawi yaitali ndi maina awiri monga ife: Phosphoros wa m'mawa ndi Hesperos wa madzulo. Olemba ao akale sagwirizana za amene anayamba kunena kuti ndi cinthu cimodzi. Ena amati Pythagoras, ena Parmenides. Ndiwonso anatipatsa liwu lakuti pulaneti, locokera ku liwu lao lotanthauza woyendayenda, cifukwa nyenyezi zina zonse zimasunga malo ao pakati pa zinzao koma zisanu zokha zimasuntha.

Amene anafika patali pa kuwerenga ndi Amaya a ku Central America. M'buku lao lina limene likusungidwa mumzinda wa Dresden ku Germany muli masamba a Venus yekha. Anapeza nambala ija ya 584, ndipo anaonanso kuti maulendo asanu amakwana masiku 2,920, amene ndi zaka zisanu ndi zitatu za masiku 365. Ndiye kuti zaka zisanu ndi zitatu zikapita, nthanda imabwerera pafupifupi pamalo omwewo, m'nyengo yomweyo. Tsiku limene yayamba kuoneka m'mawa anali kuliopa ngati tsiku la tsoka.

Pano mpamene tiyenera kuweruza makolo athu mwacilungamo. Kukumbukira kwa pakamwa kumagwira mwamphamvu cinthu cacikulu cocitika kamodzi. Angoni a Zwangendaba anasunga mbiri yakuti tsiku limene anaoloka Zambezi dzuwa linada masana, ndipo akatswiri atawerengetsa anapeza kadamsana wa mu November 1835. Ndico cifukwa tsiku limenelo lili m'mabuku a mbiri. Koma ulendo wa masiku 584 ndi nkhani ina. Sugwirizana ndi mvula, sugwirizana ndi kukolola. Caka cino nthanda ilipo nthawi yolima, caka camawa palibe. Kwa mlimi inali yabwino pouza nthawi ya usiku, osati nyengo ya caka, ndiye panalibe comukakamiza kuwerenga masiku ake. Ababulo ndi Amaya anali ndi anthu olembedwa nchito yomweyo, odya za mfumu, olandizana zolemba mibadwomibadwo. Kusiyana kunali pamenepo, osati pa maso kapena pa nzeru.

Telesikopu inabwera mocedwa kwambiri. Mu 1610 Galileo anaona kuti Venus nayenso amanenepa ndi kuonda ngati mwezi, umboni wakuti amazungulira dzuwa. Mkazi uja wosadziwa kuphika, naye njala imamugwira. Koma mpaka 1781, pamene William Herschel anatulukira Uranus, mapulaneti onse odziwika anali asanu omwe aja amene munthu aliyense angathe kuwaona ndi maso ake: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn.

Asanuwa anandandalikana kum'mawa mbandakuca mu June 2022, mwezi woonda uli pakati pao. Ambiri a ife tinaziona pa foni, zithunzi zojambulidwa kutali, pamene zenizeni zinali pamwamba pa denga lathu. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, malaiti nkumazima maola ambirimbiri, mdima unabwerera m'makomboni ndipo nyenyezi zinayamba kuonekanso ngakhale mu Lusaka. Tinali ndi madandaulo okwanira a mafiriji ndi mabizinesi, moti zoyang'ana kumwamba sizinali m'mutu. Koma amayi olawirira ku Soweto Market kukaoda tomato amaziona mpaka pano, kaya malaiti alipo kaya palibe, cifukwa Venus ndi Jupiter amapyoza kuwala kwa tauni. Kuwasiyanitsa ndi nyenyezi wamba sikuvuta: nyenyezi imaphethira, pulaneti imawala modekha. Pa 12 August 2025 awiriwa anayandikana kwambiri mbandakuca, moti cala cimodzi cotambasula cikanatha kuwaphimba onse.

Masamu a Amaya aja angathe kuyesedwa ndi aliyense wokhala ndi kope ndi bolopeni. Kumapeto kwa March 2017 Puikani anasowa kumadzulo, ndipo patapita masiku ocepa Cekecani anatulukira kum'mawa. Zinacitikanso cimodzimodzi mu March 2025. Zidzabweranso mu March 2033, masiku awiri kapena atatu mofulumirirapo.