Mchere

Mchere umene timathira m'ndiwo akatswiri a sayansi amautcha sodium chloride, ndipo amaulemba kuti NaCl. Unapangidwa ndi zinthu ziwiri zomwe, chilichonse pachokha, n'zoopsa. Sodium ndi chitsulo chofewa moti mpeni umachidula, ndipo chikagwera m'madzi chimawinduka, nthawi zina mpaka kuyaka. Klorini ndi mpweya wapoizoni wobiriwira mofikira ku chikasu. Humphry Davy wa ku England ndiye anayamba kupatula sodium mu 1807, ndipo mu 1810 anasonyeza kuti klorini ndi elementi.

Chodabwitsa chagona pa kulumikizana kwake. Atomu ya sodium ili ndi ma elekitironi 11, ya klorini ili ndi 17. Sodium imapereka elekitironi imodzi kwa klorini, ndipo zikatero ziwirizi zimakokana mwamphamvu, n'kundandalikana bwinobwino m'timiyala tokhala ngati timabokosi. Ukali wonse uja umatheratu. Mgwirizanowu ndi wolimba kwambiri moti mchere susungunuka pamoto kufikira madigiri 801, ngakhale m'madzi umasungunuka msanga.

Mchere wa m'sitolo umakhalanso ndi ayodini, amene amachita kuthiramo pofuna kupewa chithokomiro.