E. D. Young, Msilikali wa Panyanja Amene Anabweretsa Ilala

Ife a kunyanja timalidziwa bwino dzina la Ilala, koma ndi ochepa amene amakumbukira munthu amene anabweretsa sitima yoyamba ya dzinali. Iyeyu anali Edward Daniel Young, wobadwa mu 1831, katswiri wa mizinga m'gulu la nkhondo la panyanja la Britain.

Young anayamba kudziwa mtsinje wa Shire pamene ankagwira ntchito m'sitima ya Pioneer pansi pa David Livingstone, ntchito imene anaiyamba mu 1862. Patapita zaka, Musa wa ku chilumba cha Johanna anafalitsa mbiri yoti Livingstone waphedwa kufupi ndi nyanja yathu. Young, pomudziwa Musa, anakana kukhulupirira. Mu 1867 anatsogolera ulendo wofufuza, ndipo bwato lake lachitsulo linanyamulidwa pamitu m'zidutswa polambalala mathithi a Shire. Anthu a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo mfumu Marenga, ndiwo anamutsimikizira kuti mzunguyo anadutsa wamoyo.

Mu 1875 anabweranso, akutsogolera amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Robert Laws. Amtengatenga mazanamazana anasenza zidutswa za Ilala, sitimayo n'kulumikizidwanso kumtunda kwa mathithi. Mfumu Mponda, amene mudzi wake unali pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, anawalola kudutsa ndi kukamanga ku Cape Maclear. Pa 12 Okutobala Ilala inalowa m'nyanja.

Kufikira tsikulo, nyanja inali ya mabwato ndi zombo zamatanga. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaolotsa nsalu, mikanda ndi minyanga ya njovu, komanso, tisabise, akapolo. Young ankalakalaka kuzigwira zombozo, koma mishoni sinatumidwe kukachita nkhondo. Chaka chomwecho anazungulira nyanja yonse, napeza kuti ndi yaitali kuposa mmene Livingstone ankaganizira. Anachoka mu 1876, ndipo anamwalira mu 1896.

Chimene Young sanachite, ena anadzachichita. Njira imene anatsegula inadutsamo sitima zina, kenako za mizinga, ndipo mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston kutsidya kwa mudzi wa Mponda. Malonda a akapolo anatha, ndipo palibe amene angawalire. Koma ufulu wa mafumu athu unapitira limodzi. Mu 1875 mlendo anapempha njira kwa Mponda. Patangopita zaka 16, anali mlendoyo amene ankalamula pa doko lomwelo.