BRAD NESS NDI MPIRA WA PA CIKUKU

Ku dziko la Australia kuli cisumbu dzina lace Rottnest, kumene ngalawa zimaolotsera anthu ocokera ku dooko la Fremantle. M'imodzi ya ngalawazo munali mnyamata wa nchito, Brad Ness, wobadwa caka ca 1974, wodziwa kusambira ndi kusewera mpira wa kwao. Tsiku lina, ali ndi zaka 18, ngalawa irikucoka pa dooko, cingwe cinakola mwendo wace wamanja, nicikungika, nicidula phazi.

Atacira anayamba basiketibolo ya pa cikuku, ndiwo mpira woponyera m'dengu lopacikidwa pamwamba, osewera ali khale pa mipando ya mikombero. Anayamba masewerawa ndi asilikari a ku America olasidwa pa nkhondo yaikuru yaciwiri. Ndipo denguli sanalitsitse, lingokhala pa mapazi 10 monga la anthu oimirira.

Kapena wina adzafunsa kuti, Nanga wodulidwa phazi lokha, amene akhoza kuyenda ndi mwendo wopanga, akhaliranji pa cikuku? Sadzapambana kodi anzace opuwala kuyambira m'cuuno? Pamenepo pali lamulo limene ine ndiliyesa lanzeru koposa malamulo onse a masewera. Wosewera ali yense ampatsa ciwerengo monga mwa mphamvu yotsala m'thupi lace, kuyambira 1 kufikira 4 ndi theka; ndipo asanu a m'bwalo, powaphatikiza, asapitirire 14. Ness anali wa 4 ndi theka. Tawerengani nokha, inu a sukulu: atatu onga iye afika 13 ndi theka, ndipo awiri otsalawo alowa bwanji? Cotero gulu lofuna Ness liyenera kufunanso wopuwala kwambiri, nakhala uyo wofunika pa bwalo monga mnzace wamphamvuyo.

Ness anaimira dziko lace kasanu pa masewera akuru a olumala, ochedwa Paralympics, kuyambira ku Sydney caka ca 2000. Ku Athens, 2004, a Canada anawagonjetsa pa mpikisano wotsiriza. Ku Beijing, 2008, anakomananso, ndipo Australia inalakika 72 kwa 60, nilandira golidi. Koma ku London, 2012, a Canada anabwezera. Ulendo wacisanu, ku Rio de Janeiro caka ca 2016, gulu lace silinalandire mphotho, koma pa tsiku lotsegulira ndiye ananyamula mbendera ya Australia, ali ndi zaka 41.